Oyilo wa Adadi Wachuluka Yekha

LACHITATU

Adadi, 07:42
[chithunzi]
taona mwanawe. oyilo wadutsa mzere wapamwamba, chonsecho miyezi inayi sindinathiremo olo dontho. van iyi siidandaula ngati anthu ena

Marnie, 07:50
anthu enawo ndi amayi, tamva. mwapima van itaima pamalo osapendekeka? injini itazima kaye kwa kanthawi?

Adadi, 07:52
ndinayamba kupima oyilo iwe usanabadwe

Marnie, 07:53
adadi yankhani funso. kachitsulo kopimirako mwakapukuta nkukaviikanso?

Adadi, 07:58
eya. kawiri. ali pamwamba ndithu

Marnie, 07:59
ndiye tandimasulireni iyi. simunathire koma wachuluka. wathira ndani, kangaroo?

Adadi, 08:04
[voice note 1:48]

Hamish, 08:15
sis ndakumverera usavutike. akuti injini za dizilo amazidziwa. kwinako akunena za nkhanu zomwe anagwira dzulo

Marnie, 08:40
ndaimbira makaniko kuno. mwakhala ku Streaky Bay nyengo yonse yozizira, m'mawa ulionse kuliza injini van ili chiimire kuti batire ya fridge idzaze. injini siimatentha mokwanira, dizilo amatsikira mu oyilo. wachulukayo ndi dizilo adadi. sinthitsani ku Ceduna musanalowe m'chipululu cha Nullarbor pls

Adadi, 10:26
a garaja akuti mpaka mawa masana. ndikadikira ndichedwa ukwati wako

Marnie, 10:27
isiyeni pomwepo mukwere ndege

Adadi, 10:29
nyumba yanga sindingaisiye pamsewu

Marnie, 10:29
ya ku Geelong munaisiya muli anthu atatu mkati

Hamish, 10:31
guys

Marnie, 10:44
Loweruka 2 koloko, kuno ku Perth. mundigwire mkono kuyambira pakhomo la tchalitchi mpaka kutsogolo. mwazungulira dziko lonse, ine kaulendo komwe ndakupemphani ndi kameneka

Adadi, 11:10
ndifika Lachisanu. ndanyamuka kale

LACHINAYI

Marnie, 09:15
muli pati?

Marnie, 12:40
adadi

Hamish, 12:52
kumeneko kulibe network, usade nkhawa

Marnie, 12:55
sindikuda nkhawa. ndikukonza zokhalira anthu. mpando wawo ndauika pafupi ndi khomo, asavutike potuluka

LACHISANU

Hamish, 08:33
andiimbira pa foni ya pa roadhouse, pothirira mafuta m'mbali mwa msewu, chakuno kwa Madura. ali bwinobwino. van ndiye basi. injini inayamba kuyaka ndi oyilo wake womwe, kumangolira kiyi atazula kale, utsi tolotolo, mpaka inadzithera

Marnie, 08:35
eni ake akuti chani

Hamish, 08:36
akuti dizilo yemwe anathira pa border anali woipa

Marnie, 08:36
eetu. dizilo

Hamish, 08:41
pali wa truck wati awatenga. koma akuti aone kaye van yakokedwa, anthu angabe ma solar

Marnie, 08:50
achimwene suti yanu ija mwaisita?

Hamish, 08:51
Marn usatero, mwina afika

Marnie, 08:51
ndangofunsa za suti

Marnie, 08:58
ndipo musawauze amayi. anena kuti ndinkanena ine, ndiye mawa ndilibe mphamvu zowavomera

LOWERUKA

Adadi, 13:31
network yabwera. ndili mu truck tangodutsa Southern Cross, kwatsala maola anayi okha. auzeni abusa adikire pang'ono

Adadi, 13:33
van ili pabwino, ndaikhoma

Adadi, 13:58
Marnie mwanawe

Adadi, 14:12
[missed call]

Adadi, 14:14
[missed call]

Hamish, 15:05
adadi zatha. ndamugwira mkono ndine. bwerani bwino, musamuthamangitse driver

Adadi, 15:06
anafunsako za ine?

[awerenga: Hamish, Marnie]