Bambo a Daisy Aponda Pansi

Chibanja, Mzuzu
14 Julaye

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi onse ku Ntcheu. Kodi chifuwa chija chinakusiyani? Kuno tilipo, kungoti kuzizira kwanyanya. Mdzukulu wanu Daisy akupita kusukulu atavala majuzi awiri.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni ndikanangolira osamaliza nkhani.

Mukukumbukira kuti mtengo wa paini utagwera mwana wanu ku Kaning'ina, madokotala anati mtsempha wa m'msana waphwanyika koma sunaduke. Anati mwina adzayenda, mwina ayi. Ine khutu langa linangotola "ayi" yekhayo.

Kuyambira pamenepo, Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse ndimawakankha panjinga ya olumala kupita kuchipatala, ku fiziyo, kumene amaphunzitsa ziwalo kugwiranso ntchito. Wowaphunzitsa ndi mayi wina wakonkuno, a Wongani, wochepa thupi koma wosamva kukana. Poyamba ankangowaimiritsa atawamangirira pathabwa, mpaka chizungulire chinawasiya. Kenako anawaika pakati pa zitsulo ziwiri zogwirira, galasi lili patsogolo, n'kumawauza kuti atsamire mwendo uwu, kenako uwo. Sabata ndi sabata, zomwezo. Bambo a Daisy ankakwiya, amvekere iwo si khanda. A Wongani ankangoseka n'kuti m'Chitumbuka, "Pachokopachoko, adada," kutanthauza pang'onopang'ono.

Anawaphunzitsanso kuima atatsinzina, kuima pasiponji, ngakhale kagwedwe kosavulala. Sindinkadziwa kuti kuima chabe kungatulutse munthu thukuta mwezi wa Juni.

Lachisanu lapitali ndinawagwira m'chiuno monga mwa masiku onse. A Wongani anandiuza kuti ndichotse manja, ndikaime kumapeto kwa zitsulo. Ndinakana, ndinati agwa. Iwo anati, "Amama, mukamawagwira chonchi thupi lawo silidzaphunzira kudzidalira. Lamba amene tawamanga m'chiunoyu ndagwira ine."

Amayi, zimene ndinaona sindikudziwa ndizilembe bwanji. Phazi lamanja linanjenjemera, linakhwekhwereza pansi, kenako linanyamuka n'kuponda patsogolo. Lamanzere linakana kaye. Ndinaona mitsempha ya m'khosi mwawo ikutukuka, mano atalumana, mpaka nalo linatsatira. M'chipindamo aliyense anasiya zimene ankachita. Bambo wina wodwala sitiroko, yemwe kamwa yake inapotoka, anayamba kuwerenga mokweza m'Chitumbuka: kamoza, kawiri, katatu. Anaponda kasanu ndi kawiri.

Atafika pamene ndinaima, ndinachita kukweza maso kuti ndione nkhope yawo. Ndinali nditaiwala kuti mwana wanu ndi wamtali. Miyezi isanu ndi itatu ndakhala ndikungoona paliwombo pawo. Anandiyang'ana ali wefuwefu n'kufunsa kuti, "Mayi a Daisy, mwafupika liti?" Ndinaseka, misozi ili chuchuchu.

Tsopano ndiulule. Pamene ndinakupemphani mwezi wa Meyi kuti alamu a William adzawatenge akakhale kumudzi, ndinati ndi chifukwa cha kuzizira. Ndinanama. Ndinali nditatopa ndi kuwanyamula, kuwatembenuza, kuchapa zofunda tsiku ndi tsiku. Mumtima ndinali nditagamula kale kuti ku fiziyo tikungotaya nthawi. Bambo a Daisy sadziwa kuti ganizolo linali langa. Ndiwauza ndekha, koma ndayamba ndi inu amene ndinakunamizani. Ndikhululukireni.

Chonde, musawachotse kuno. A Wongani akuti akasiya panopa miyendo ibwerera m'mbuyo. Sakulonjeza kuti adzataya ndodo, koma akuti akalimbikira, tsiku lina adzapita okha kubafa. Kwa ife zimenezo n'zazikulu kuposa phiri.

Pali chinanso chondichititsa manyazi. Nsapato zawo zakuda zija ndinawapatsa alamu mwakachetechete, poganiza kuti mwiniwake sadzazifunanso. Tsopano ku fiziyo akufuna nsapato za zingwe, zogwira bwino chidendene, ndipo dzulo bambo a Daisy anandifunsa kawiri konse kumene ndinaziika. Alamu abwere ndithu kutha kwa mwezi monga tinapanganira, koma abwere nazo nsapatozo. Abwere kudzaona, osati kudzatenga. Ngati thupi likulolani, kwerani nawo basi, mudzaime kumapeto kwa zitsulo zija, mwana wanu adzakupezeni ndi mapazi ake.

Mundiperekere moni kwa azakhali a Rachael ndi amayi a mvano amene akhala akutipempherera. Muwauze asaleke. Mulungu amene wadzutsa miyendo imeneyi akusungeni ndi mphamvu mpaka tidzaonane.

Ndine mpongozi wanu,
Lenia