Mayina a Alimi a ku Kasenengwa

Lolemba, 6 Okutobala 1997

Chafika chija. Makatoni atatu, pa basi ya ku Lusaka. Achiika patebulo panga, taipi yanga aitsitsira pansi pafupi ndi tsache. Zaka 19 ndikutaipira kampani ya thonje ino, lero ndaima m'ofesi mwanga ngati mlendo.

A Tembo, manijala wathu, atiitana ine ndi Sesiliya, mtsikana amene ndinamuphunzitsa ndekha kuika kaboni. Akuti kompyuta ndi imodzi, ndiye otaipa awiri ngachiyani. Kutha kwa mwezi asankha wotsala. Amalankhula akuyang'ana pazenera.

Kutentha koopsa. Mutu waa.

Lachinayi, 9 Okutobala

Munthu wa ku Lusaka watiphunzitsa masiku awiri, wapita. Chizungu chake chothamanga ngati akuthawa ngozi. Ine kumangogwedeza mutu. Sesiliya mafunso mbwee, mpaka kuseka naye.

Akuti ndikumenya mabatani ngati ndikusinja. Nanga zala izi zinakulira pa chitsulo, ndizitani? Cholembedwa sindichiona papepala, chili kuseri kwa galasi. Sungachigwire, sungachipinde.

Sesiliya anati, "Amama, mukavutika muzindifunsa." Wanena mwaulemu ndithu. Chandiwawa ndi ulemu womwewo.

Lachitatu, 15 Okutobala

Lero linali tsiku langa. A Tembo andipatsa makadi a alimi a ku Kasenengwa, ofunika mbewu mvula isanagwe. Mawa lole ikunyamuka ndi ndandanda. Sesiliya anamutuma ku Madzimoyo, ndinatsala ndekha ndi chinthucho.

Mayina 412. Mudzi, maekala, nambala ya reji, chitupa cha boma chija. Osadya masana. Ambiri ndimawadziwa nkhope, ena ndinataipa makadi a atate awo. Pofika 17 awazi, dzuwa litapendeka, ndamaliza, ndawerenga kawiri, cholakwika palibe. Ndazimitsa pakhoma monga timachitira ndi ketulo ndi fani, ndachifunditsa kansalu kanga koluka, ndaweruka.

Ndagula nsomba ziwiri ku msika wa Kapata. Lero ndigona.

Lachinayi, 16 Okutobala

Mulibe. Ngakhale dzina limodzi.

Ndayatsa, galasi lili mbee. Ndazimitsa, ndayatsanso. Ndasuzumira mpaka kumbuyo kwa bokosi, ine mayi wamkulu, kugwada pa simenti. Sesiliya wandifunsa chapansipansi ngati ndinaseva. Kuseva n'chiyani? Akuti munthu uja ananena tsiku loyamba. Kapena ananenadi. Safunsa anadya phula, ndipo phulalo ndadya pamaso pa dalaivala ndi alonda.

Pa taipi cholembedwa n'cholembedwa. Ungazimitse Chipata yense, pepala lili pompo. Ndani akanaganiza kuti ntchito ya tsiku lathunthu n'kufa ndi switchi?

Lole yadikira. Sesiliya wayambiranso, 13 awazi wamaliza, makinawo alavula mapepala atatu atatu popanda kaboni. A Tembo sanakalipe. Bola akanakalipa. Angoti, "Amai Sakala, pumulani."

Nsomba zija ana adya. Ine ayi.

Lachisanu, 31 Okutobala

Kalata. Envelopu yoyera, dzina langa lonse, Ketilina Sakala. Wataipa ndi Sesiliya, nanga angataipenso ndani. Wandipatsa ndi manja awiri, maso ali pansi, akulira. Ndamuuza kuti apukute nkhope, alimi ali pakhomo.

Ndaiwerenga katatu kufunafuna cholakwika, koma mizere ili gwa. Akuthokoza chifukwa cha kukhulupirika. Ndili ndi zaka 47, wamasiye, ana atatu. Ku boma nako akuti makina omwewa akubwera chaka chamawa. Mulungu, ndinakulakwirani chiyani?

Kunyumba sindinanene.

Lolemba, 3 Novembala

Ndavala, ndatuluka 7 awazi monga kale. Ndakhala pa benchi ya ku positi mpaka msana kuwawa. Odutsa kundipatsa moni, ine kuyankha ngati ndatumidwa.

Pobwerera ndapeza mwana wanga Tamiwe, wa giredi 9 uja, pakhonde ndi katoni ya sopo. Wajambulapo mabatani onse a taipi ndi makala, mizere inayi, sanaphonye ndi chimodzi. Msana chilili, zigongono m'mbali, zala zikugogoda. Sindinamuphunzitsepo. Akuti ankandionera akabwera ku ofesi.

"Amama, nikasiliza sukulu nizankhala monga imwe. Onani, siniyang'ana na pansi."

Ndamuwongola chala chaching'ono. Ndalowa m'nyumba. Mawa ndimuuza za kalata ija, kapena Lachitatu.