Masaya a Misozi

Mlolo, Chadiza
14 Juni

Mlongo wanga Osward,

Ndikhulupirira uli bwino ku Kitweko, poti anthu a m'tauni simudwala, mumangotanganidwa. Kuno ana ali bwino, mtedza takumba. Amene sali bwino ndi amayi ako, ngati ukuwakumbukira.

Ndamva kuti wayamikira chithunzi cha mkazi wako Misozi, akuti tsopano akuoneka ngati mkazi wa munthu. Ndikuuze kumene achokera masaya amenewo.

Chaka chatha nyamakazi ya amayi itafika poipa, kuchipatala anawapatsa timapilisi toyera tochepetsa kutupa. Timapilisito tinawathandiza. Anayambanso kusenda mtedza ndi kupita okha ku Misa. Koma tinawanenepetsa nkhope ndi mimba, mpaka anzawo ankawaseka kuti mwana wa kumigodi akuwadyetsa bwino. Iweyo, amene sunatumizepo ngakhale sopo.

Mwezi wathawu zala za amayi zinatupanso. Anafooka, ankasanza, chitenje chomwe tinkachita kuwamanga. Tinathamangira nawo kuchipatala pangolo ya a Yakobo. Adokotala atafunsa ngati akumwa mankhwala, amayi anangoyang'ana pansi. Kenako adokotala anamuona Misozi ataima pakhomo: nkhope ngati dzungu, linunda kuseri kwa khosi, miyendo yoonda monga kale. Sanafunsenso. Anati mapilisi amenewa sapatsa thanzi, amangounjika mafuta kumaso, pamimba ndi pakhosi, n'kukweza shuga. Anatinso wowasiya mwadzidzidzi, monga anachitira amayi, atha kufa.

Ndivomere tchimo langa. Pobwerera ndinamutukwana Misozi anthu akumva. Ndinamutcha wakuba, mfiti yobera nkhalamba mankhwala. Iye kumangolira. Anandikhalitsa chete ndi amayi, ali chigonere m'ngolomo. Anati mwanayo sanabe. Ankamupatsa okha m'mawa uliwonse, miyezi itatu, n'kumuyang'anira mpaka ameze.

Chifukwa chake ndiwe. Unamuimbira foni Misozi pa Khirisimasi amayi ali pambali pake, ndipo anamva zonse: kuti akazi a ku Kitwe ali ndi thupi, kuti iye ndi wouma ngati phesi, kuti ungachite manyazi kuyenda naye pamsewu. Amayi anati bola zala zawo zipindike kusiyana n'kuti adzukulu awo atayidwe ndi bambo wawo.

Ndi zimenezotu, bwana wa m'tauni. Mkazi amene amalima munda wako, kulera ana ako atatu ndi kusambitsa amayi ako, iwe ukumuyeza ndi maso ngati nkhumba ya pamsika. Ndikunena mosabisa, umandinyansa. Ine ndinamugwadira Misozi n'kupepesa. Iwe sindikudziwa ngati mawondo ako amapindika.

Amayi ayambiranso mankhwala, koma zala ziwiri za kumanja akuti siziwongokanso. Misozi adokotala akumuchepetsera mapilisi pang'onopang'ono, ndipo thupi lobwereka lija litha. Amayi akudziwa zimenezi. Dzulo anandikoka chitenje n'kundinong'oneza kuti ndikulembere msanga, ubwere kudzamutenga asanaonde.

Uthenga wawo ndapereka. Wanga ndi uwu: usafulumire. Ubwere ataonda, udzamutenge mmene unamupezera kwa makolo ake. Ngati sungathe, unene, tiwauze amayi kuti zala zawo zinapita pachabe.

Upereke moni kwa amalume a Whiteson ndi banja lawo. Mulungu akusunge, poti Iye satopa ndi anthu.

Ndine mlongo wako,
Ebelesi