Madzi a kubafa agwetsa Dona Suzete

Bambo a Gelson,

Musandifunefune, ndaperekeza Dona Suzete apakhomo lapafupi kuchipatala. Mtsinje wanu uja, wochokera kubafa kwathu n'kudutsa panjira, lero wagwira munthu. Amapita kumalire atasenza beseni la matimati, ndiye aterereka m'matope a sopowo n'kugwa chagada. Bondo latupa ngati dzungu, malonda onse ali m'thope. Ali pansi pomwepo andifunsa kuti, "Komadre mnzanga, kodi pakhomo panu palibe khasu, kapena palibe mwamuna?"

Chiyambire dzinja mukungoti mukumba dzenje mawa. Udzudzu wabereka mpaka zidzukulu, mawa lanulo osafika. Koma maenje a pabawo, ee, amenewo mumawadziwa onse!

Khasu ndalitsamiritsa pachitseko kuti musatope kulifuna. Kumbani kuseri kwa bafa, muthiremo miyala kuti madzi azilowa pansi, pambali pake mubzale nthochi. Musayandikire chitsime, timamwa pamenepo.

Pepani, sindinaphike. Amuna awo a Suzete akuti abwera madzulo kudzakuonani. Akupezeni muli m'dzenje mpaka m'chiuno, mwina akumverani chisoni.

Ndine Eugénia