Akufuna ndikawachitire umboni amene anandinyazitsa

Aphungu,

Ndine mayi wa ku Masasa kuno ku Mzuzu, ndipo ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ina ku Katawa. Ndili ndi khunyu kuyambira ndili mtsikana. Akulu anga a Mabel, amene anandilera amayi atamwalira, ananditengera ku mpingo wa mneneri wina yemwe onse amamutcha Papa. A Papawo anati amenewa si matenda koma chiwanda, ndipo kumwa mapiritsi n'kukayikira Mulungu. Mapiritsi anga ndinawataya m'chimbudzi ndi manja angawa.

Sipanapite nthawi, ndinagwa m'tchalitchi momwemo mapemphero ali mkati. M'malo mondigoneka chammbali, anandizungulira n'kumakuwa, ena akujambula pafoni. Vidiyoyo inayenda mpaka ku Ching'ambo, ine thovu kukamwa, chitenje chitamasuka. Makasitomala ena anasiya kubwera, ati chiwanda chingalowe m'madiresi awo.

Ndinachoka kumpingoko n'kubwerera kuchipatala. Anesi sanandikalipire n'komwe, anangondiyambitsanso mankhwala. Thupi linachira msanga koma mtima unachedwa. Ndikangomva sipika ya tchalitchi chilichonse ntchito inkaima, ulusi osalowa m'singano. Ngakhale kupemphera ndinkaopa, ndinkati Mulungu anandikwiyira. Lero papita zaka ndisanagwenso. Ndimakacheza ndi mlangizi wa kuchipatala, ndimapemphera ku mpingo wina wabata, ngakhale ndimakhalabe pafupi ndi khomo, ndipo ikafika Disembala ntchito ndimachita kukana. Mundikhululukire kudzitamaku, Aphungu, koma ndimadzinyadira zedi.

Tsopano a Papa amva kuti ndili bwino, ndiye alengeza kuti machiritsowa ndi awo, anangochedwa kufika. Akufuna ndikaime kutsogolo pa msonkhano waukulu wa mwezi wamawa, ndikapereke umboni. A Mabel ndi mtsogoleri wa amayi kumeneko, ndipo auzidwa kuti wolephera kubweretsa m'bale wake sangatsogolere ena. Anabwera kuntchito kwanga akulira, akuti, "Munung'una wane, ukangonena kuti Mulungu wakuchiritsa basi, za mapiritsi usakatchule yayi. Undichotse manyazi, ndakupempha chomene."

Munthu ameneyu ankandisambitsa ndikagwa, ndipo ndi amene ananditumiza kukaphunzira kusoka. Ndiwakane bwanji?

W.N., Masasa, Mzuzu

Mayi W.N.,

Palibe choti ndikukhululukireni. Dzitameni ndithu, ine ndikukuwomberani m'manja. Munthu amene anachita kujambulidwa ali pansi, lero n'kumakana makasitomala, walima yekha munda wake, ndipo a Papawo akufuna kukolola posalima.

Ku msonkhanoko musapite. Akulu anu akuti mungosiya mawu amodzi, koma mawu amodziwo ndi amene akukuyendetsani. Mulungu wakuthandizani, inde, kudzera m'manja mwa anesi, mwa mlangizi uja ndi m'kulimba mtima kwanu. Umboni wobisa zimenezi ndi bodza lovala suti.

Koma musawaone a Mabel ngati mdani. Anakutengerani kumeneko chifukwa chokukondani, ndipo lero nawonso apanikizidwa monga munapanikizidwira inu. Musawayankhire pakhonde la sitolo, anthu akumvetsera. Pitani kunyumba kwawo masana, mutawasokera ngakhale kabulauzi, mukhale pansi. Yambani n'kuwathokoza pa zonse anakuchitirani, muzitchule chimodzichimodzi. Kenako muwauze mosazungulira kuti simudzaimanso pamalo paja, ndipo muwafotokozere zimene zinkakuchitikirani mukamva sipika, chifukwa ndikukayika ngati amazidziwa. Mukaona kuti nokha mufooka ndi misozi yawo, tengani wamkulu wina wa kubanja amene sapemphera kumeneko. Musanyoze mpingo wawo, ndipo musawakakamize kuchokako, poti inunso simunachoke chifukwa chouzidwa.

Akhoza kukwiya, mwinanso udindo uja awalanda. Zikatero musadziimbe mlandu, wowalanda si inu. Pitirizani kuwaimbira foni ndi kuwayendera ngakhale azikuyankhani mwachidule. Chibale ndi fupa, sichiola.

Nkhaniyi mukamuuzenso mlangizi wanu sabata ino, chifukwa zotere zimatha kudzutsa mantha akale. Mankhwala musadumphitse ngakhale tsiku limodzi, ndipo muzigona mokwanira. Za kukhala pafupi ndi khomo zisakudetseni nkhawa, Mulungu amamva bwinobwino ndi a kukhomo omwe.

Chenjezo langa ndi ili. Mukakana, adzasintha nyimbo. Adzati, "Chabwino, usakalankhule, ungondiperekeza ukakhale kumbuyo." Musalole. Akangokuonani mwalowa mutatchena, adzakulozani chala n'kunena kuti taonani ntchito za Papa, ndipo mudzakhala mwachitira umboni osatsegula pakamwa. M'gulu limenelo sangalephere kupezekamo mayi wina wobereka mwana wa khunyu, amene akulimbana ndi maganizo oti ataye mankhwala kapena ayi. Akadzakuonani inu, adzataya.

Aphungu