A Sailesi Phiri asowa mu app

Winnet 08:12
naison imika kaye testing. patient mmodzi wasowa mu app yathu ya clinic. dzulo anali 214 lero 213

Winnet 08:12
wasowayo ndi adadi anga

Naison 08:15
a Sailesi? sunachite delete?

Winnet 08:16
sindinakhudze. sister wa pa clinic akufuna ma reminder a mankhwala ayambe kupita 2pm. ndikuchita mantha ine

Naison 08:17
dikira ndione

Winnet 08:50
?

Winnet 09:34
naison iwe mhani

Naison 10:05
sorry magetsi anathima kuno ku Unit L. ndawapeza. Sailesi Phiri, 01/01/1952, Zengeza 2, shuga

Winnet 10:06
adadi alibe shuga, awo ndi BP. ndipo amakhala ku Manyame Park

Naison 10:09
ndiye ndi anthu awiri awa. use case 7 yako ija imati dzina ndi tsiku lobadwa zikafanana ndi munthu mmodzi, app iwaphatikize. yawaphatikizadi. nane ma dummy anga onse, ma patient ongopeka aja, ndinawapatsa masiku osiyana, nde test inangodutsa

Winnet 10:10
dzina, tsiku, chaka chomwe? ndiwafunse kaye

Winnet 10:31
imva wekha

Winnet 10:31
🎤 0:22 adadi: "Sailesi wa ku Zengezayo ndimamudziwa, tinakulira farm imodzi. kalaliki wa pa farm sankafunsa, mwana wanga, aliyense ankangomulembera 1 January. ndi anzanga a Morris omwe. kodi kwagwanji?"

Naison 10:36
kkk ndasaka 01/01. alipo 38

Winnet 10:37
usaseke. 2pm adadi akanalandira message ya mankhwala a shuga. iwowa cha ku clinic satsutsa, amangomvera

Naison 10:37
eish pepa. konza, ndili pompano

Winnet 12:20
ndachotsa merge ija, ndabweza backup. pano mayina akafanana app izifunsa nambala ya card, avomereze ndi sister. yesa mopanda chisoni

Naison 13:25
ndalowetsa a Phiri asanu a 1 January, palibe wamezedwa. ma dummy ndachotsa, 214. use case yatsopano ndalemba kale. yatsa ma reminder

Naison 14:01
zapita?

Naison 14:09
winnet

Winnet 14:16
yafika. ya BP, Manyame Park. adadi aimba kufunsa ngati clinic yayamba kuwakumbukira

Winnet 14:16
mtima wakhala pansi shaz. ndili pa step panja, ndipume kaye