Azakhali Avula Velo

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Lero cha m'ma 10 ndikuluka kasitomala, musaluni mwalowa mayi wachikulire, siketi yotuwa, juzi yaikulu yooneka yobwereka, kampango kumutu. Ndati khalani kaye pabenchipo mayi, ndatsala ndi mizere itatu. Iwo nkuti, "Iwe, unasiya liti kupereka moni kwa azakhali ako?"

Chipeso chagwa pansi. Azakhali Asisitere! Mlongo wawo wa adadi, amene akhala kunyumba ya masisitere zaka 34. Chibadwire sindinawaonepo opanda velo, moti ndili mwana ndinkayesa alibe makutu.

Adikira kasitomala apite, akhala pampando wanga, avula mpango. Imvi zokhazokha, ndipo kutsogoloku tsitsi linathothoka m'mene munkadutsa velo. Akuti, "Undikonze mutuwu, ndioneke ngati amayi anzanga. Ndachokako kuja." Ndafunsa ngati akudwala, kapena awathamangitsa. Ayi. Akukakhala kwa mwamuna.

Mwamuna! Munthu wa zaka 58. Ndatsuka mutu uja ndili kukamwa yasa, shampu mpaka kuwalowa m'maso, koma sanadandaule.

Lachitatu, 6 Ogasiti

Nkhani yake ndaimva kwa amayi. Mwamunayo ndi Aphunzitsi, aja anapuma ntchito kalekale. Anali chibwenzi cha azakhali pa utsikana wawo, ukwati unatsala pang'ono, azakhali nkusankha za usisitere. Aphunzitsi anadikira zaka zinayi, kenako anakwatira wina. Mkaziyo anamwalira chaka chatha, iwo sitiroko nkuwagwira. Ana awo ali kutali ndi ntchito. Mwezi watha azakhali akuyendera odwala anawapeza ali okha, atagona pa zofunda zonyowa, mbale ili ndi ntchentche.

Adadi achotsa chithunzi cha azakhali pabalaza, chija ankalozera mlendo aliyense asanakhale n'komwe pansi. Pakhoma patsala msomali. Akuti, "Ine ndilibe mlongo." Amayi akungolira m'khitchini.

Lachisanu, 8 Ogasiti

Wailesi, mnzanga wa pasaluni, wauza kale msika wonse. Dzina limenelija sanalitole panjira.

Lamulungu, 10 Ogasiti

Kutchalitchi maso onse pa ife, ngati ndife tinavula velolo. Misa itatha ansembe atiitanira kuofesi. Sanakalipe, ndipo zimenezo ndi zomwe zandipweteka kwambiri. Akuti malumbiro a usisitere ndi ukwati, ndipo munthu sathetsa ukwati chifukwa wamva chisoni ndi chibwenzi chakale. Akutinso Amayi aakulu a masisitere apereka mpata mpaka Loweruka. Azakhali akabwerera, khomo n'lotsegula, palibe adzawafunse kanthu. Akapanda kubwerera, asaine kalata yopempha kumasulidwa, ndipo ikapita yapita. Chipinda chawo, chisamaliro cha paukalamba, ngakhale malo awo kumanda a masisitere, zonse zithera pomwepo.

Adadi anditembenukira: "Iwe ndi amene unawakongoletsa. Pita ukawatenge."

Ngati ndinawaika wigi. Ndinangosambitsa ndi kupesa basi.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Ndapita. Ndinakonzekera kukapeza chiyani kaya, mwina anthu awiri atagwirana manja pakhonde. Ndapeza azakhali atapinda malaya m'mikono, akusintha munthu wamkulu thewera. Aphunzitsi anatha thupi, mlomo unapotokera kumanzere, malovu chuchuchu. Azakhali amawatembenuza okha, bondo limodzi pabedi, kwinaku akung'ung'udza nyimbo ya m'tchalitchi. Usiku azakhaliwo amagona pampando m'chipinda china.

Ndiye Aphunzitsi atsegula maso, ayang'ana azakhali, nkuti, "Amake ana, mwabwera?"

Azakhali: "Ndabwera, bambo."

Akuwayesa mkazi wawo womwalira uja! Ndawakokera panja. Ndati azakhali, munthuyu sakukudziwani. Akuti, "Ine ndikumudziwa." Ndati nanga Mulungu amene munamulonjeza pamaso pa anthu? Aseka pang'ono. "Zaka 34 ndakhala ndikumuuza Mulungu za munthu ameneyu. Kwa Iye si nkhani yachilendo. Ndasambitsa odwala osawerengeka, onse ankati ndi utumiki. Uyu yekha, poti ndimamukonda, lasanduka tchimo."

Sindinagonje. Ndati Amayi aakulu akanakulolani kumabwera kudzawaona muli ndi velo lanu, bwanji kutaya zonse? Apa sanaseke. "Analoladi, kawiri pa sabata. Koma nditamuona tsiku lija ndinadziwa kuti sindinabwere ngati sisitere. Velo kumutu, mtima kwina. Anthu ndikanawanamiza, koma paguwa ndikanaima bwanji?"

Ndabwerera ndekha. M'basi ndinapitirira siteji yathu.

Lachinayi, 14 Ogasiti

Pasaluni lero panali ngati bwalo la milandu. Mayi wina, mutu uli m'dulaya, akukuwa kuti ndi ntchito ya satana, amadikira munthu atsale pang'ono kufika ndiye nkumupinga mwendo. Mtsikana amene ndimamuluka akuti ayi, chikondi chenicheni ndi chimenecho, iye angachite chimodzimodzi. Mwana woti chibwenzi chake wachipeza mwezi uno. Wailesi akuti mtima suvala nsanza, uku akutchera khutu kuti amve ndinena chiyani.

Ndangopitiriza kuluka. Ine ndemwe mwamuna atati tseka saluni unditsate, ndingamufunse ngati wadya bwino. Ndiye ndikuweruza ndani? Koma mkwiyo ndili nawo. Zaka zonse zija kudzuka m'mamawa kukapemphera, nkudzathera kuyankha dzina la mkazi wina. Mulungu ngati akukondwera nazo, andiuze. Ngati zikumunyansa, andiuzenso, chifukwa popemphera sindikudziwa chopempha: abwerere kapena alimbe.

Loweruka, 16 Ogasiti

Asaina.

Amayi aakulu anabwera okha ndi kalatayo kwa Aphunzitsi. Ndinalipo. Amayi aakuluwo, gogo woyenda ndi ndodo, anagwira azakhali masaya onse awiri, misozi ikutsika. "Mwana wanga, tiye kwathu. Galimoto ili panjapo." Azakhali anagwada, kupempha madalitso, kenako kupempha cholembera.

Mphete ya malumbiro inakana kutuluka, chala chinakulira momwemo. Anayesa sopo, osatheka. Ine wopusa ndinali ndi mafuta a tsitsi m'chikwama. Ndinapaka, kukulunga ulusi, kukoka pang'onopang'ono mpaka yatuluka. Pachala patsala mzere woyera. Choncho mphete ya azakhali ndavula ndine, amene ndinatumidwa kukawabweza. Adadi sindinawauze.

Lolemba, 18 Ogasiti

Mulungu wanga. Masiku awiri okha!

Mwana wamkulu wa Aphunzitsi wafika m'mawa ndi galimoto. Mbiri inamupeza komwe ali kuti kwa bambo ake kwalowa mayi wina wothawa ku usisitere, akufuna nyumba. Chaka chonse osabwera, lero mpamene wakumbuka kuti ali ndi bambo. Aneba andiimbira, ndathamanga ndi epuloni yomwe.

Ndapeza akunyamula Aphunzitsi ngati thumba. Azakhali sanakangane naye. Amangotsatira pambuyo: "Muziwatembenuza maola awiri aliwonse. Madzi muziwamwetsa ndi supuni, amatsamwa. Chilonda cha pamsanacho chisanyowe." Iye nkuti, "Mayi, inu ndinu ndani pabanja pano?" Azakhali anene kuti ndani? Si mkazi, si sisitere, si wachibale.

Anapempha kuti apite nawo, ngakhale ngati wantchito. Akuti wantchito ali naye kale. Wakhoma nyumba, makiyi m'thumba, wapita. Aphunzitsi sanatembenuke n'komwe, anali m'tulo.

Katundu wa azakhali wakwana m'jumbo imodzi. Adadi akana kuti alowe kwawo, akuti madzi akatayika saoleka. Ndawatengera kuchipinda kwanga kuseri kwa saluni. Ndalira ine, iwo nkumandisisita kumsana.

Lachiwiri, 19 Ogasiti

Ndadzuka ndapeza mphasa yopindidwa. Ndinaganiza zoipa. Ndawapeza musaluni, akusesa tsitsi la dzulo, kolona ikulendewera m'thumba la juzi.

Ndalephera kupirira. Ndati azakhali, ndiuzeni zoona, pano palibe ansembe, palibe adadi. Zaka 34 mwasinthanitsa ndi masiku khumi ndi awiri. Simukunong'oneza bondo?

Atsamira tsache. "Zikundipweteka, usaganize kuti ndine mwala. Mwina ndalakwa, ndikayankha ndekha kumeneko. Koma ine ndinkapempha Mulungu tsiku limodzi lokha, loti ndimusamale ngati wanga. Wandipatsa khumi ndi awiri."

Nthawi yomweyo kasitomala woyamba walowa, uja anati ndi ntchito ya satana. Waima pakhomo, maso tuzu. Azakhali aika tsache pakona, atenga thaulo paphewa, ayesa madzi a m'beseni ndi chigongono.

"Khalani pansi mayi. Kuluka sindidziwa, koma kusambitsa ndimatha."

Mayi uja wayang'ana ine. Kenako wavula mpango wake, wakhala.